Makiyi Awiri a Bokosi la Malemu

Ntchito yanga ndi yodula makiyi. Ndili ndi kathebulo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika wa pa Mangochi, ndipo ndakhala pamenepo kuyambira ndisanamere imvi. Masiku ano makiyi amadulidwa ndi makina, mphindi ziwiri basi, koma ine ndinaphunzira nthawi ya tupa, kwa bambo wina wachikulire wa ku Katuli. N'chifukwa chake anthu akakhala ndi kiyi wakale, wa mabokosi a makolo kapena wa zitseko za kumishoni, amauzana kuti abwere naye kwa ine. Pansi pa thebulo ndimasunga chitini cha makiyi oterowo. Ena ndinagula, ena eni ake anangondisiyira.

Tsiku lina m'mwezi wa Okutobala, ndikuyala kumene zida m'mawa, panaima njinga yamoto. Anatsika bambo wamtali, wa manja okhakhala ngati a anthu okoka makoka. Sanataye nthawi ndi malonje. Anatulutsa foni n'kundionetsa chithunzi.

"Achimwene, ndamva kuti inu mumadziwa zinthu zakale. Taonani ichi."

Linali bokosi lachitsulo, lalitali ngati benchi, ngodya zake zokutidwa ndi mkuwa.

"Ndi la ndani?" ndinafunsa.

"La amalume anga. Atisiya mwezi wathawu. Iwo anasiyiridwa ndi bambo awo, amene ankasonkhezera moto m'sitima ya amishoni kalekale. Pali munthu wogulitsa ziboliboli ku Nkopola amene akulifuna, akuti alendo a m'maloji amakonda zoterezi. Lingagulidwe bwanji?"

Ndinamuuza kuti chithunzi sichinena mtengo. Bokosi lotere ulemu wake uli pa loko ndi kiyi. Loko akakhala yemwe uja anabwera nalo, kiyinso n'kukhala wakewake, wogula amapereka mosanyinyirika. Koma kiyi akakhala wochita kudula, bokosilo limangosanduka chitsulo chosungiramo zovala.

"Nkhani yake ndi imeneyo," anatero. "Makiyi alipo awiri. Mmodzi weniweni, wina wabodza. Tiyeni mukanene pamaso pa anthu. Ndikubwezani kuno dzuwa lisanapendeke."

Mtima unakana. Nkhani za chuma cha masiye ndimaziopa. Koma loko wa mtundu umenewo ndinali ndisanamugwirepo ali pa bokosi lake, ndipo chidwi chinandipambana. Ndinatenga kagalasi kanga kokuza zinthu, kampeni ndi kabotolo ka parafini, n'kukwera kumbuyo kwake.

Tinaoloka mlatho n'kulowera njira ya ku Makanjira. Phula litatha tinalowa m'fumbi ndi mchenga, njinga ikuvina. Iye ankayankhula mokweza kuti apose phokoso la injini. Anati amalume akewo mkazi wawo woyamba anamwalira kale, ndipo amene asiyidwawa anangowatenga paukalamba, kuchokera kumudzi wakutali, n'kubwera nawo chitengwa. Mwana sanabereke nawo. Anati chibadwire chake kiyi wa bokosilo anali mmodzi yekha, wokhala m'khosi mwa amalume usana ndi usiku, ndipo anamupatsa iyeyo m'manja ali kuchipatala.

"Tikufika kumudzi ndi maliro, tikupeza mayi aja nawonso ali ndi kiyi! Anamutenga kuti? Anachita kudinda pa sopo amalume ali chigonere, n'kukadulitsa. Munthu wobera wodwala tingamusunge pamudzi?"

Titafika pena pake pamene panalibe nyumba ngakhale imodzi, anaimitsa njinga n'kuzimitsa injini. Anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso.

"Inu mukangonena kuti weniweni ndi uti. Zina zonse ndi za pabanja. Tamvana?"

Ndinayang'ana uku ndi uku. Tchire lokhalokha, migwalangwa, ndi dzuwa. Ndinavomera ndi mutu.

Mudzi wake unali m'mbali mwa nyanja, pafupi ndi tchalitchi chakale cha njerwa. Tinapeza anthu atasonkhana kale pabwalo la nyumba ya malemu. Wotsogolera nkhani anali akatekisiti a tchalitchicho, bambo wochepa thupi wa mawu ofatsa, chifukwa malemu anali mkulu wa mpingo. Pampando pafupi nawo panakhala mayi wokalamba kwambiri, diso limodzi loyera ndi ng'ala. Ameneyo anali mlongo wa malemu, mayi ake a bambo amene ananditenga uja. Mayi amasiye anakhala okha pamphasa chapatali, atafunda chitenje chakuda, maso pansi. Kumbali, pa thandala loyanikapo usipa, panatsamira amuna anayi a m'boti la mphwake wa malemuyo. Sanandipatse moni. Anangoyang'ana kofiya yanga yachisilamu, ndipo ndinadziwa kuti pabwalo lonselo mlendo ndinali ine ndekha.

Anatulutsa bokosi n'kuliika pakhonde. Akatekisiti anafotokoza kuti chichitikire maliro anagwirizana kuti pasapezeke wolitsegula mpaka nkhani ya makiyi itatha. Kenaka anaika makiyi awiri m'mbale yachitsulo n'kundipatsa.

"Bambo, sitikuuzani kuti uyu ndi wa ndani, uyu ndi wa ndani. Inu muone, mutiuze zimene mwaona."

Ndinayamba ndi loko. Ndinagwada, n'kupala pang'ono ndi kampeni pa kachitsulo ka mkuwa kozungulira bowo la kiyi. Pansi pa zobiriwira panatuluka manambala atatu odinda. Misomali yogwira lokoyo inali isanazulidwepo. Anali loko wake weniweni wa bokosilo.

Ndinatenga kiyi woyamba. Anali wolemera, wa mphako mkati, mutu wake wozungulira utapyapyala pamwamba pamene chingwe chinakhala chikudya kwa zaka zambirimbiri. Mano ake anali osalala, opanda ngodya yakuthwa, monga amakhalira mano a kiyi amene wazungulira m'loko mmodzi moyo wake wonse. Pamutu pake panali manambala atatu omwe aja.

Wachiwiri nayenso anali wakale, wa mtundu womwewo, moti munthu wamba sakanawasiyanitsa. Koma manambala ake anali ena. Nditayang'ana ndi kagalasi patsinde pa mano, ndinaona kamzere kachikasu kopyapyala ngati ulusi. Mano akale anachotsedwa, n'kuwotchererapo ena ndi mkuwa. Ndinamutembenuza kuti ndione kunsi kwa mutu. Pamenepo panali timizere titatu ta tupa, tofanana kutalika.

Timizere timeneto ndi tanga. Mphunzitsi wanga ankaika tiwiri pa kiyi aliyense wosula ndi manja, ine ndimaika titatu. Kiyi ameneyo ndinamupanga ndine.

Ndinakumbukira ntchitoyo pomwepo, chifukwa zoterozo sizibwera kawirikawiri. Panali patapita mvula ziwiri. Kunabwera mkulu wina pathebulo panga, n'kuvula kiyi m'khosi, womangidwa ku ulusi wabuluu wosokera ukonde. Anafuna mnzake. Ndinamuuza kuti makina sangathe, ndiyenera kufufuza kiyi wakale m'chitini, kumudula mano n'kukawotcherera ena, choncho asiye kiyiyo adzatenge mawa. Anakana. Anakhala pabenchi tsiku lonse, maso ali pa manja anga. Dzina lake sindinafunse, ngakhale kwawo. Tsono kodi mkulu ameneyo ndiye anali malemuwa? Kapena anali munthu wina amene mayiwa anamutuma ndi kiyi wakuba? Sindinadziwe.

"Bambo, mwaona chiyani?" anafunsa akatekisiti.

Ndinakweza kiyi woyamba. "Uyu ndiye anabwera ndi bokosili. Manambala ake ndi a pa loko. Winayu ndi wochita kupanga. Thupi lake ndi lakale, koma mano ndi atsopano."

Mphwake wa malemu anadzuka n'kuwomba m'manja kamodzi. "Mwamva! Wanga ndi ameneyo! Mwamva nonse! Nanga winayu anachoka kuti?"

Pabwalo panabuka phokoso. Mayi amasiye anadzutsa mutu koyamba.

"Anandipatsa okha amuna anga," anatero. "Anati ndisunge. Sindinadinde pa sopo ine. Sindinamulowetsepo n'komwe m'bokosimo."

"Bodza!" anakuwa bamboyo. Anatembenukira kwa mayi ake. "Amayi, nenani inu. Agogo anasiya makiyi angati?"

"Mmodzi," anayankha mayi wokalambayo pang'onopang'ono. "Bambo athu anali ndi mmodzi."

Amuna anayi aja anachoka pa thandala. Awiri anapita kukaima pafupi ndi bokosi, awiri analunjika pakhomo la nyumba. Mmodzi anafunsa mokweza ngati ayambe kutulutsa katundu wa mayiwo. Akatekisiti anakweza dzanja kuti anthu akhale chete, koma palibe anawamvera.

Ine ndinali chigwadire ndi mbale m'manja. Zimene ndinanena zinali zoona, palibe bodza ngakhale limodzi. Ntchito imene anandiitanira inali itatha. Ndikanangokhala chete, akanandikweza pa njinga, madzulo n'kukhala ndili kwathu. Ndikatsegula pakamwa, ndiye kuti ndadziulula kuti kiyi amene akumutcha wakubayo anachokera m'manja mwanga, ndipo amuna aja akanatha kunena kuti ndinagwirizana ndi mayiwo. Msewu wa galimoto unali kutali. Pamudzipo panalibe amene akanandiikira kumbuyo.

Mayi amasiye sanalire. Anangoyamba kupinda mphasa imene anakhalapo, ngati munthu amene wavomera kuti ulendo wafika. Kupinda mphasa kumeneko n'kumene kunandidzutsa.

"Pepani akuluakulu," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, moti ndinabwereza. "Pepani! Ndili ndi funso limodzi. Kodi malemu anali ndi zala zonse?"

Phokoso linazima. Mphwake wa malemu anandiyang'ana ngati andimeze.

"Zala zikukhudzana bwanji ndi makiyi? Ndinakuuzani chiyani panjira?"

"Musiyeni afunse," anatero mayi ake. Anatembenuzira diso lawo labwino kwa ine. "Mwafunsiranji, bambo?"

"Amayi, kiyi wachiwiriyu ndinapanga ndine. Chizindikiro changa ndi ichi, timizere titatu. Sanandibweretsere sopo ayi. Anabwera mkulu wina ndi kiyi weniweniyu m'khosi, pa ulusi wabuluu wa ukonde. Dzanja lake lamanzere linalibe zala ziwiri, chaching'ono ndi chotsatira chake. Anandiuza kuti chingwe cha nangula chinamudula ali mnyamata. Ankatsokomola, ndipo poseka ankatseka pakamwa ndi dzanja lomwelo."

Mayi wokalambayo anagwira pachifuwa. "Ndi achimwene amenewo. Zala zinaduka ine ndikuona."

"Anamuuza!" anakuwa mwana wawo, akuloza mayi amasiye. "Anapangana! Munthu uyu wadyetsedwa!"

Mmodzi wa amuna aja anabwera kudzaima kumbuyo kwanga, pafupi kwambiri moti ndinkamva mpweya wake pakhosi. Akatekisiti anayankha mosakweza mawu.

"Wamubweretsa munthuyu ndani? Mayiwa chichitikire maliro sanatuluke pamudzi pano, foni alibe. Mwakamusankha nokha pa Mangochi, mwamukweza nokha pa njinga yanu. Mphindi zapitazi mumawombera m'manja mawu ake." Kenaka anandifunsa ine: "Mkuluyo ananena kuti kiyiyo akumufuniranji?"

"Ndinamufunsa, chifukwa ntchitoyo inali yovuta. Anati, 'Uyu ndi wa mayi akunyumba. Ine ndikadzapita, asadzachite kupempha kwa munthu kuti atsegule bokosi la m'nyumba mwawo.' Mawu ake anali amenewo."

Mayi amasiye anakhala pansi pa dothi, mphasa ili m'manja, n'kubisa nkhope m'chitenje.

Koma bamboyo sanagonje. Anati nthano aliyense angathe kupeka. Ngati kiyiyo anadulidwadi poyang'ana weniweni tsiku lonse, atsegule bokosilo anthu akuona. Akakanika, ndiye kuti ndi wa pa sopo, ndipo ine ndi mayiwo tikayankhe kupolisi.

Apa mantha anandigwira kuposa poyamba. Kiyi ameneyo ndinali ndisanamuyesepo pa loko wake. Ndinangofananiza mano ndi maso ndi tupa. Loko wakale ali ndi timapale tingapo mkati timene kiyi amayenera kutukula tonse pamodzi, ndipo dzino limodzi likatalika ngati tsitsi lokha, sazungulira. Mayiwo anali atanena okha kuti sanamuyesepo.

Ndinadontheza parafini m'bowo n'kulowetsa kiyi. Analowa bwino. Ndinapotoza. Anayenda pang'ono n'kuima nji.

Wina anaseka kumbuyo kwanga.

Ndinamubweza, n'kuyesanso. Anaima pomwe paja. Ndinapempha kuti ndione mano ake, mwina pali potsalira pofunika kupala.

"Ayi!" anatero mphwake wa malemu. "Osakhudza ndi chitsulo chilichonse. Mukufuna mumudulire pompano?"

Ndinapukuta manja pa thalauza. Ndinapempha pensulo kwa akatekisiti, ndipo anandipatsa imene inali m'thumba la malaya awo. Ndinapaka chakuda chake pa mano onse a kiyi kuti aziterera, mpaka anachita kuwala, anthu akuyang'anitsitsa kuti ndisachite chinyengo. Ndinalowetsanso. Pamenepo ndinakumbukira kuti chivundikiro cha bokosi lodzaza chimakankha loko kuchokera mkati, ndipo loko wopanikizika salola ngakhale kiyi wake. Ndinaika bondo pa chivundikirocho n'kutsamira ndi thupi lonse. M'mtima ndinatchula dzina la Mulungu. Ndinapotoza pang'onopang'ono, ndikumva timapale tikutukuka kamodzikamodzi m'zala zanga.

Loko analira kuti khatya.

Ndinachotsa bondo, chivundikiro n'kudzitukula chokha pang'ono. Ndinabwerera m'mbuyo, chifukwa kutsegula bokosi la eni sikunali kwanga.

Anatsegula ndi akatekisiti. Amuna aja anasuzumira, ndipo ndinaona nkhope zawo zikugwa. Munalibe chuma chimene ankayembekezera. Munali mabulangete awiri, jekete yakuda ya ku tchalitchi, buku la mapemphero lothothoka chikuto, makadi a ubatizo omangidwa ndi kansalu, ndi mtchatho wa ukwati wa malemu ndi mayi amasiyewo. Pansi penipeni panali chipewa chakale chabuluu, chodetsedwa ndi mafuta amene sanachoke ndi kuchapa.

Mlongo wa malemu anapempha chipewacho. Anachigwiragwira, n'kuchinunkhiza. "Cha bambo," anatero. "Ankabwera nacho sitima ikakocheza." Anakhala nacho pamiyendo nthawi yaitali, anthu akudikira. Kenaka anandifunsa mtengo wa bokosilo.

Ndinawauza zoona. Bokosi, loko ndi kiyi wake weniweni zikakhala pamodzi, wogula wodziwa akhoza kupereka zokwanira ukonde watsopano, mwina n'kutsalako. Injini ya boti ayi, ngati wina anawalonjeza zimenezo anawanamiza. Zikasiyana, bokosi limatsika kwambiri, ndipo kiyi payekha ndi chokongoletsera pakhoma chabe.

"Ukonde," anatero mayiwo. Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe, ukufuna kuthamangitsa mlamu wanga chifukwa cha ukonde? Amene ankawatembenuza amalume ako pamphasa miyezi yonse ija ndani? Bokosi ili ndi la bambo anga, ndipo ine ndikadali moyo. Libwerere pamene linali. Alamu, tengani kiyi wanu."

"Amayi, mwambo umati..."

"Mwambo ndinaudziwa iwe usanabadwe."

Bamboyo anatola kiyi weniweni uja m'mbale n'kumuponya m'thumba. Akatekisiti anamupempha kuti amusiye, koma iye anati anapatsidwa ndi amalume ake ndipo palibe angamulande. Kaya anapatsidwadi, kaya anangomuvula m'khosi mwa wodwala, ine sindidziwa mpaka lero. Anadutsa pafupi nane n'kunena motsitsa mawu kuti Mangochi ndi yaing'ono, tidzakumana. Analiza njinga n'kuchoka yekha, amuna anayi aja n'kutsetserekera kunyanja.

Akatekisiti anati lole yonyamula nsomba imadutsa kumsewu chakumasana, ndikafulumira ndiipeza. Iwo anatsala kuti aone bokosi likulowa m'nyumba. Amene anandiperekeza anali mayi amasiye. Tinayenda m'njira ya mchenga wotentha, iwo patsogolo ine pambuyo, ndipo ndinkacheuka pafupipafupi ndikamva chilichonse chonga injini. Tinafika pamsewu, pansi pa mtengo wa bwemba.

Pamenepo anamasula kansalu n'kundipatsa utaka wouma wodzaza manja awiri. Ndinakana, koma anaumirira. Kenaka anafunsa, maso ali kumbali:

"Tsiku limenelo anandiuza kuti akupita kuchipatala kukatenga mankhwala a chifuwa. Anabwera opanda mankhwala, ine n'kuwakalipira. Ndiye anakhala kwa inu tsiku lonse?"

"Tsiku lonse, amayi. Kuyambira m'mawa mpaka ndinamaliza."

"Anadya?"

Ndinaganiza kaye kuti ndisawanamize. "Masana ndinagula chinangwa chophika ndi tiyi. Tinagawana. Iwo anathira shuga masupuni anayi."

Mayiwo anaseka pang'ono, misozi ikutsika. "Kunyumba ndinkawaletsa."

Lole inatulukira ndi fumbi lake. Ndinakwera pamwamba pa matumba a usipa pamodzi ndi amayi ena a geni, ndipo mpaka tinakafika pa phula ndinali ndikucheukabe kumbuyo, utaka uja uli m'manja.